Kope linali lodzaza, m'khola munatsala nkhuku 8: lipoti la nkhani ya ku Machinjiri

Ndimagwira ntchito ya ulangizi wa ziweto kuno ku Blantyre, ndipo nthawi zina ndimaitanidwa kukaphunzitsa pa makosi olipira a ulimi wa nkhuku. Amayi amene ali ndi nkhuku 10 kapena 20 kuseri kwa nyumba amakonda kundifunsa kuti, "Alangizi, kodi ndalama ya kosiyi imabwerera?" Kale ndinkayankha ndisanameze malovu kuti eya. Masiku ano ndimayamba ndafunsa kuti nkhukuzo ndi zamtundu wanji, zimagona pati, nanga madzi zimamwa kuti. Chinandisintha ndi nkhani ili m'munsiyi. Eni ake anavomera kuti ndiilembe, koma dzina lawo ndi la okonza kosi sinditchula. Chokhacho chimene ndikuulula n'chakuti mmodzi mwa aphunzitsi a kosiyo ndinali ine.

Eni nkhuku ndi khola lawo

Ndi mayi wa zaka za m'ma 50, amakhala ku Machinjiri pa puloti yawoyawo, ndipo amagulitsa tomato ndi mandasi pa benchi kumsewu. Nkhuku anayamba kuweta monga timayambira tonse: msoti umodzi wopatsidwa, msotiwo n'kuswa, ana ake n'kuswanso. Pofika mwezi wa Meyi anali ndi mathadzi achikuda 9 ndi tambala mmodzi. Mwezi womwewo mwana wawo wamkazi, amene amagwira ntchito ku Limbe, anawagulira anapiye 12 a mikolongwe a masabata 6, misoti 10 ndi atambala awiri. Zonse pamodzi zinali 22.

Nkhuku zakuda zimene timati mikolongwe ndi za mtundu wa Black Australorp, wochokera ku Australia. Dzinali zinatengera ku siteshoni ya ziweto ya Mikolongwe ku Chiradzulu, kumene boma lakhala likuziswetsa kuti alimi azikweretsa ndi zachikuda. Thadzi lachikuda limaikira mazira 10 mpaka 15 n'kuyamba kufungatira, ndipo pachaka limachita zimenezi katatu kapena kanayi, kotero mazira ake sapitirira kwenikweni 60. La mikolongwe likamadya bwino limafika 200, koma kufungatira silikonda. Mwanayo ankafuna kuti amayi ake azigulitsa mazira pa benchi pomwe paja, ndiye pofuna kuti ndalama yake isapite m'madzi anawalipiriranso kosi.

Khola linali la zidina, lofolera ndi malata akale, mamita 3 m'litali ndi 2 m'lifupi, pansi pa dothi. Zachikuda zinkatsegulidwa m'mawa n'kumadzipezera zakudya. Za mikolongwe zinkatsala m'kampanda ka waya kutsogolo kwa khola mpaka masana. Mpanda wa puloti unali wa nsungwi, wokhala ndi mipata yoti nkhuku za makomo oyandikana zinkalowa ndi kutuluka ngati kwawo. Kuseri kwa bafa kunali kangalande kosauma, kodutsa madzi otsukira mbale. Kangalandeka ndikatchulanso kutsogoloku.

Zimene tinaphunzitsa

Kosi inali ya masiku awiri, mu Juni, m'holo ina ku Limbe. Mtengo wake pamodzi ndi thiransipoti unali wofanana ndi thumba limodzi la makilogalamu 50 la layers mash, chakudya cha nkhuku zoikira. Panali nkhomaliro, panali satifiketi. Ophunzira ambiri anali abambo ndi anyamata ofuna kuyamba ndi nkhuku zoyera 200, ena 500, ndipo maphunziro onse anakonzedwa poganizira iwowo. Tinaphunzitsa za kutentha kwa chipinda cha anapiye, kuti sabata yoyamba kukhale madigiri 32 mpaka 35, kenako kuzitsika ndi madigiri pafupifupi 3 sabata iliyonse. Tinaphunzitsa za zakudya za starter, grower ndi finisher, zopatsa nkhuku malinga ndi msinkhu, za utuchi wapansi, za kugulitsa pa masabata 6, za kuwerengera phindu. Zonsezi n'zoona, ndipo kwa munthu wa nkhuku zoyera ndi maphunziro abwino.

Gawo langa linali la matenda, ola limodzi ndi theka, anthu atangodya kumene. Ndinali ndi zithunzi pa pulojekita, koma magetsi anazima ndili pakati, ndiye zotsalazo ndinangofotokoza pakamwa. M'holo monsemo munalibe nkhuku ngakhale imodzi, kupatula imene tinadyera nsima.

Za chitopa, chimene ena amati chideru, ndinanena kuti katemera wake ndi LaSota ndipo amaikidwa m'madzi akumwa. Ndinatchulako I-2, wodontheza m'diso, koma mwachidule, ngati chinthu cha kumudzi chosakhudza anthu a m'tauni. Patapita miyezi inayi, nditatsegula kope la mayiwa, ndinapeza mzere umenewo. Analemba kuti "I-2, m'diso", n'kuikapo chizindikiro cha funso. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanakwezere mkono tsiku lija.

"Alangizi, anzanga akukamba za nkhuku 500, ine ndiimirire ndi zanga 22? Akanandiseka."

Zimene anachita atabwerera kunyumba

Mayiwa ndi munthu womvera, ndipo vuto lonse linachokera pa kumverako. Anachita zimene zinali m'kope, koma kopelo linali la khola la munthu wina.

Choyamba anatseka mazenera a khola ndi mapepala akuda a pulasitiki. Inali nthawi ya chiperoni, kope likunena za madigiri 32, ndiye anaganiza kuti nkhuku zifa ndi chisanu. Koma anapiye awo anali atapitirira masabata 10, nthenga zili zokwanira. Nkhuku yotere chisanu cha Blantyre sichiiopsa. Chimene chimaipweteka ndi mpweya wa zitosi wosowa potulukira. Mapepalawo anakhalapobe mpaka Okutobala.

Chachiwiri ndi katemera, ndipo apa ndifotokoza pang'onopang'ono chifukwa ndi pamene nkhuku 15 zinafera, ngakhale kuti zinagwa patapita miyezi itatu. Mu Julayi anapita ku shopu ya mankhwala a ziweto ku Limbe n'kugula kabotolo ka LaSota kokwanira nkhuku 1,000, poti kocheperapo kunalibe. Anakaika m'chikwama cha m'manja popanda ayezi, anadzera kumsika kukaoda tomato, n'kukwera minibasi madzulo. Kunyumba kulibe filiji, choncho kabotolo kanagona pawindo. M'mawa anatunga madzi a pampopi m'ndowa, anasungunuliramo theka la katemera, n'kugawa m'ziwiya. Theka linalo anasungunulira m'botolo la zakumwa n'kulisunga, akumathirako pang'onopang'ono kwa masiku atatu. Kwa iwo uku kunali kusamala: mankhwala a nkhuku 1,000 angathere bwanji tsiku limodzi pa nkhuku 22?

LaSota ndi kachilombo kamoyo kofooketsedwa. Kamafunika kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8 kuyambira kushopu mpaka pakhomo. Kakasungunulidwa kamayenera kumwedwa pasanathe maola awiri, zotsala n'kutaya. Madzi a m'mipope yathu amathiridwa klorini, zimene zili zabwino kwa ife anthu, koma klorini yemweyo amapha kachilombo ka katemera. Ndiye pamafunika madzi a mvula kapena a pachitsime choyera, apo ayi a pampopi ogonetsa usiku wonse m'chidebe chosavindikira n'kuthiramo mkaka waufa wopanda mafuta pang'ono. Komanso nkhuku zimayamba zamanidwa madzi ola limodzi kapena awiri kuti zimwe mwaludzu, zonse nthawi imodzi. M'khola lotseka la nkhuku zoyera zimenezi n'zotheka. Koma zachikuda za mayiwa zitangotsegulidwa zinathamangira ku kangalande kaja, kumene zinazolowera kumwa. Zimene zinalawako madzi a katemera ndi za mikolongwe zokha, poti zinali m'kampanda ka waya.

Zina mwa izi ndinazinena m'holo muja. Za klorini sindinanene. Za nkhuku zoyendayenda sindinanene. Tsiku limenelo mayiwa analemba m'kope ndi zilembo zikuluzikulu kuti "KATEMERA WATHEKA", ndipo mtima wawo unakhala pansi.

Chachitatu ndi chakudya. Anagula thumba limodzi la grower, litatha mtengo unawakanika, monga wakhala ukukanikira ambiri chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Anabwerera ku madeya okhaokha. Pa kosi palibe amene anaphunzitsa kusakaniza chakudya pakhomo.

Kubwera kwa matenda

Kumayambiriro kwa Okutobala kunali maliro kumudzi kwawo. Pobwerera, achimwene awo anawapatsa thadzi lofiira kuti akaphere ana. Anafika usiku, ndipo poona kuti thadzilo ndi lonona analilowetsa m'khola kuti liziikira. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka mlendo uyu kanali kamtundu wina. Miyezi yotentha imeneyi, kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, ndi imene chitopa chimavuta kwambiri, ndipo chimayenda ndi nkhuku za mphatso, za pamsika ndi za pa njinga. Nkhuku ikatenga kachilomboka imatha kuoneka yabwinobwino masiku awiri mpaka 15, kawirikawiri asanu kapena 6.

Kope la mayiwa likuonetsa motere. Tsiku lachitatu chifikireni, thadzi lofiira linasiya kudya. Tsiku lachinayi linapezeka litafa m'mawa. Tsiku la 8 mathadzi awiri achikuda anazyolika, tambala sanalire. Tsiku la 9 zinafa zitatu. Tsiku la 10 zinafa zinayi, ndipo ndi tsiku limene anandiimbira foni. Nambala yanga anaipeza kuseri kwa kope, pomwe anailemba pa kosi paja.

Asanaimbe anali atayesa zimene oyandikana nawo anawauza: alovera wosinja ndi tsabola m'madzi, komanso makapisozi a anthu ogula pa okala, kutsegula n'kuthira m'madeya.

Zimene ndinapeza

Ndinafika cha m'ma 4 koloko madzulo. Nditatsegula chitseko cha khola fungo la zitosi linandilasa m'maso mpaka misozi. Pansi panali ponyowa. Nkhuku zisanu zinali pakona, mapiko ali lende kukhudza pansi, nthenga zili nyankhalala, zija anthu amati nkhuku yavala jekete. Zitosi zinali zamadzi, zobiriwira, zomatirira nthenga za kumbuyo. Ziwiri zinkapuma ndi kukamwa, kukhosi kukumveka kolokolo. Msoti umodzi wa mikolongwe unali utapinda khosi, mutu ukuyang'ana kumwamba chagada, ukafuna kujompha madeya n'kumaphonya mbale.

Ndinang'amba ziwiri zimene zinafa m'mawa. Pakati pa chithokomiro ndi nthutumba pali kachifu kakang'ono. M'kati mwake munali timadontho tamagazi ngati tobaya ndi singano. M'matumbo munali zilonda zamagazi, makamaka pomwe timatumbo tiwiri totsekeka timalumikizana ndi thumbo lalikulu. Njira ya mpweya inali yofiira, yodzaza mamina. Chiwindi chinalibe timadontho toyera timene timaoneka pa kolera ya nkhuku. Kutsimikiza kwenikweni kumachitikira ku labotale, chifukwa chimfine cha mbalame chimafanana nacho kwambiri, n'chifukwa chake imfa zotere timakanena ku ofesi ya ziweto, ndipo ndinakanena. Koma mbiri ya thadzi lamphatso, nyengo, msanga wa imfa ndi zimene ndinaona m'kati zonse zinkaloza chitopa.

Mayiwa anaima pakhomo la khola atagwira kope.

"Koma alangizi, inetu ndinatemera. Onani apa."

Ndinawapempha kuti andifotokozere tsiku la katemera kuyambira pa shopu. Atafika pa ndowa ya madzi a pampopi ndinadziwa kuti mlanduwu theka lake ndi wanga.

Chithandizo

Chitopa chilibe mankhwala. Ndi vairasi, pomwe makapisozi aja amapha mabakiteriya. Ndinawaletsa kupitiriza, n'kuwauza kuti mazira a masiku amenewo asagulitse ndipo asadye, chifukwa mankhwalawo amatsalira m'dzira. Alovera sindinalimbane naye, ndinangowauza kuti asamudalire.

Zooneka zamphamvu tinazisamutsira m'kampanda ka waya, zodwala zinatsala m'khola titang'amba mapepala onse a m'mazenera. Zonse tinazipatsa madzi a mavitamini ndi phala la madeya lofewa. Zakufa tinakwirira m'dzenje lakuya kufika m'chiuno, pamwamba n'kuika miyala kuopa agalu. Mipata ya mpanda anyamata awo anaitseka tsiku lomwelo. Katemera sitinapereke. Nkhuku imene yatenga kale kachilombo katemera saipulumutsa, chitetezo chimatenga sabata imodzi kapena awiri kuti chikhwime, ndipo ukatemera matenda ali mkati, zikafa anthu amati katemera ndi amene wapha. Mbiri yotereyi ikalowa m'dera, kuichotsa kwake ndi zaka.

Pofika tsiku la 16 imfa zinaleka. Zinafa 15: thadzi lamphatso, tambala wachikuda, mathadzi achikuda 7 ndi za mikolongwe 6. Zinatsala 8: misoti ya mikolongwe isanu, tambala wa mikolongwe mmodzi ndi mathadzi achikuda awiri. Kuti za mikolongwe zinapulumuka theka pomwe zachikuda zinatsala ziwiri mwa 10 sindikudabwa. Wogulitsa anali atazitemera zili zazing'ono, ndipo ndi zokhazo zimene zinamwako madzi a tsiku loyamba lija.

Khola tinalipala dothi lapamwamba pamodzi ndi zitosi n'kukwirira, tinatsuka ziwiya ndi mankhwala ophera tizilombo, zipupa tinapaka laimu. M'zisa munali utitiri wambiri moti unandikwera m'manja. Udzu wake tinautentha. Ndinawauza kuti asalowetse nkhuku yatsopano mpaka patadutsa mwezi, poti kachilomboka kamakhala masabata angapo m'zitosi.

Makomo awiri oyandikana nawo

Chitopa sichilemekeza mpanda wa nsungwi, ndiye ndinayenda m'makomo ozungulira. Awiri mwa iwo ndi amene anandiphunzitsa zambiri.

Kumtunda kunali bambo wina amene sanapitepo ku kosi iliyonse. Anali ndi nkhuku 11. Ziwiri zitazyolika, anazinga zotsalazo n'kuyamba kugulitsa motchipa kumsewu, zina kupha n'kugawira abale. Nthenga ndi matumbo anataya kudzala. Iye sanaluze zonse m'thumba, koma matenda anawanyamula ndi manja ake kuwapereka kumakomo ena amene sindikuwadziwa. Mayi athu aja sanachite zimenezi. Achibale anawanyengerera kuti aphe zodwala aziumitsa pamoto, iwo anakana, akuti pa kosi anamva kuti yodwala sigulitsidwa, yakufa imakwiriridwa. Apa kosi inagwira ntchito, ndipo phindu lake linapita kwa anthu amene sanalipire.

Kumunsi kunali agogo ena aakazi, osadziwa kulemba, a nkhuku 14. Kwa iwo kunafa anapiye awiri basi, oswedwa kumene. Ndinawafunsa chinsinsi.

"Palibe chinsinsi, mwanangu. Kuli mnyamata wa kutchalitchi amabwera ndi kabotolo kokulunga m'kansalu konyowa. Amadontheza m'diso. Akabwera ndimam'patsa ya sopo."

Mnyamatayo ankabwera katatu pachaka, ndipo ulendo womaliza unali mu Ogasiti. Ameneyo ndi I-2, katemera amene anapangidwa ku yunivesite ya Queensland ku Australia poganizira nkhuku za m'midzi, ndipo kuno kwathu amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe. Amasungidwa mufiliji ngati anzake, koma amapirira kutentha kwa paulendo, n'chifukwa chake kansalu konyowa m'dengu kamakwanira. Dontho limodzi m'diso limodzi, nkhuku ya msinkhu uliwonse, miyezi inayi iliyonse. Umaona ndi maso ako kuti iyi yalandira, chifukwa imaphethira n'kumeza. Mtengo wa dontholo sufika pa mtengo wa dzira. Agogowa amakhala mamita osakwana 100 kuchokera pakhomo pa mayi wa satifiketi, ndipo awiriwa amapatsana moni tsiku lililonse. Za nkhuku anali asanakambiranepo.

Miyezi yotsatira

Patatha masabata atatu chilekereni imfa, ndinabwera ndi I-2. Sindinadontheze ine. Ndinagwira thadzi limodzi n'kuwaonetsa: mapiko ndi miyendo m'khwapa, mutu chammbali, chala chachikulu kutsegula chikope, kabotolo chilili osati chopendekeka, osakhudza diso. Yoyamba anaphonya, dontho linagwera pa mlomo. Yachiwiri manja ankanjenjemera. Pofika yachisanu anali akucheza uku akudontheza. Ntchito yonse sinathe mphindi 20, ndipo agogo aja anabwera kudzaonerera n'kumawakonza kagwiridwe.

Mazira anachedwa kubwerera. Oyamba anali ang'onoang'ono, ena opindika, ena a chikamba chofewa ngati chikopa. Zina mwa izi ndi zipsera za chitopa, zina ndi njala. Madeya ali ndi zomanga thupi pafupifupi 10 peresenti, pomwe thadzi loikira limafuna 16 mpaka 18, komanso chikamba cha dzira lililonse chimadya kashiamu pafupifupi magalamu awiri. Thadzi likasowa limatapa m'mafupa ake, kenako limayamba kujompha mazira.

Tinakhala pakhonde ndi sikelo yawo ya tomato n'kupanga makilogalamu 10: madeya 4, chimanga chogaya mokhakhala 2 ndi theka, soya wokazinga n'kugaya 2 ndi magalamu 200, fumbi la usipa theka la kilogalamu, laimu wa ziweto magalamu 800, ndi kamchere kochepa poti fumbi la nsomba limakhala nako kale. Soya ayenera kukazingidwa, wosakazinga amalepheretsa nkhuku kugaya chakudya. Laimu akhale wa ziweto, osati wopaka nyumba uja tinapaka zipupa. Chilichonse titayeza tinachithira m'chitini n'kulemba mzere ndi msomali, kuti ulendo wina asavutike ndi sikelo. Thadzi limodzi limadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku, ndiye nkhuku 8 ndi pafupifupi kilogalamu imodzi; zimene zimayendayenda zimafuna zocheperapo. Chosakanizachi sichifika pa chakudya cha kufakitale, chilibe mavitamini owonjezera, koma kwa nkhuku zimene zimapezako msipu ndi chiswe n'chokwanira.

Pofika Januwale ankatola mazira anayi tsiku lililonse, nthawi zina asanu. Msoti wopinda khosi uja unakhala moyo koma sunaikire. Anaudya pa Khirisimasi. Thadzi lina lachikuda analifungatiritsa mazira 10 a mikolongwe, patatha masiku 21 linaswa 8.

Kodi ndalama ya kosi inabwerera?

Ndikawerenga monga mwana wawo anawerengera, ayi. Analipira mtengo wa thumba la chakudya kuti nkhuku zisafe, ndipo zinafa 15. Choipa kwambiri n'chakuti kosi inawapatsa mayiwa chikhulupiriro chabodza. Akanakhala kuti sanapiteko, mwina tsiku lina akanamuona mnyamata wa kansalu konyowa uja n'kumuitana. Koma poti kope linkati katemera watheka, analibe chifukwa.

Komabe sindinganene kuti anangotaya ndalama. Kope lija ndi limene linandithandiza kulondola matenda tsiku ndi tsiku. Sanagulitse nkhuku yodwala. Anadziwa woti amuimbire. Ndipo pamene tinkasakaniza chakudya, mawu oti zomanga thupi sanali achilendo kwa iwo, anamva msanga kuposa alimi ambiri amene ndimawayendera. Zimenezi anazitenga m'holo muja.

Chimene ndikuona ine n'chakuti makosi ambiri a m'tauni muno amakonzedwera munthu wa bizinesi ya nkhuku zoyera kapena za mazira za haibulidi, chifukwa ndiye amene ali ndi ndalama yolipira. Mayi wa nkhuku 20 amalowa m'kalasi yomweyo n'kutuluka ndi malangizo oona koma a khola lina, ndipo alibe njira yodziwira kuti ndi ati amene akumukhudza. Zimene iye akufunika n'zochepa, koma ndi za manja: kudontheza m'diso, kupatula nkhuku yachilendo masiku 14, kudziwa fungo la khola loipa, kuyeza chakudya ndi chitini, kutembenuza phiko n'kuyang'ana utitiri. Zimenezi pa pulojekita sizilowa. Ndiye munthu akandifunsa lero, ndimamuuza kuti asanalipire afunse okonza kosi ngati mudzakhale nkhuku yamoyo yoti aigwire, komanso ngati zachikuda ndi mikolongwe zili ndi gawo lakelake. Akayankha mozungulira, ndi bwino ndalamayo agulire waya ndi katemera, n'kusonkhana makomo asanu kapena 10 kuitana mlangizi pakhomo pa mmodzi wa iwo. Alangizife tilipo ochepa, kuyendera khomo limodzilimodzi sitingathe, koma gulu lokhala ndi nkhuku zake m'manja ndi losavuta kulipezera Loweruka. Kabotolo ka katemera nakonso kamathera pomwepo osatayika. Kwa amene akufunadi kulowa bizinesi ya nkhuku zoyera 200, yankho langa likadali lakale lija: pitani, ndipo musagule mwanapiye musanapite.

Ine kuyambira pamenepo ndikaitanidwa kukaphunzitsa ndimanyamula mathadzi awiri m'dengu ndi kabotolo ka madzi oyeserera, ndipo ndisanayambe ndimafunsa kuti a nkhuku zosakwana 30 akweze manja. Amakhala ambiri kuposa mmene okonza amaganizira. Okonza kosi ena anadandaula za zitosi pa matailosi ndipo sanandiitanenso.

Katemera wotsatira ku Machinjiri anali wa mu Malichi, makomo 7, ndipo wodontheza anali mayi aja, agogo akugwira nkhuku. Tsiku limenelo ndinapeza dengu lalikulu lovundikira kuseri kwa bafa, kutali ndi khola, m'kati muli tambala wa mawangamawanga. Achimwene awo aja anali atabwera naye sabata yapitayo kudzapepesa za thadzi lofiira. Ataona mlongo wawo akum'vundikira m'dengu m'malo mom'lowetsa m'khola anakwiya, akuti ndiye kuti nkhuku za kumudzi tsopano zasanduka zaufiti, ndipo anabwerera osadya nsima. Mayiwa anandionetsa kope: anali atachonga masiku 9, kutsala asanu. Foni ya achimwene inali isanayankhidwebe.